Onse Akuti Tidzuke: Kodi Akunena Kudzuka Kumodzi?

Phunziro la ulendo uno likukhudza nkhani imene yalowa kale m'nyumba zathu, kaya tikufuna kaya ayi. Ana athu akuphunzitsidwa mindfulness kusukulu. Ena a ife amene timasamalira okalamba kapena kugwira ntchito m'zipatala tinapatsidwapo maphunziro omwewo kuntchito kuti tichepetse kutopa kwa maganizo. Pa YouTube pali aphunzitsi a mawu ofatsa amene amalankhula za awakening ndi consciousness, ndipo achinyamata athu amawamvera usiku ife titagona.

Mafunso amene ndakhala ndikulandira ali pawiri. Makolo akufunsa ngati zimenezi n'zoyenera Mkhristu. Achinyamata, amene awerenga zambiri kuposa mmene makolo awo akuganizira, akufunsa funso lovutirapo: ngati aphunzitsi onsewa anadzukadi, n'chifukwa chiyani akutsutsana okhaokha? Ndiyamba ndi funso la achinyamatali, chifukwa likayankhidwa, la makolo limapepuka.

Pali mayankho awiri achidule amene ndimawamva kawirikawiri. Ena amati ziphunzitso zonsezi, kuphatikizapo Uthenga Wabwino, n'chimodzimodzi, zangosiyana zovala. Ena amati zonse n'za mdierekezi, zitayeni. Mayankho onse awiriwa amathetsa nkhani msanga, koma amathetsa popanda kumvetsera zimene anthuwo akunena. Mwana amene wawerenga mabukuwo amadziwa nthawi yomweyo kuti amene akumuyankhayo sanawatsegule n'komwe, ndipo sadzafunsanso.

Mawu awiri osenza katundu wambiri

Chingerezi chasenzetsa mawu awiri aja katundu wochuluka. Ife m'Chichewa katunduyo timamugawa. Munthu amene anakomoka akatsegula maso timati watsitsimuka. Mlonda amene sakuodzera timati ali tcheru. Amene wakhala akunamizidwa akaona chinyengo timati wagalamuka. Mwana akafika posiyanitsa chabwino ndi choipa timati wazindikira. Amene anali m'tulo wadzuka, ndipo amene anali m'manda wauka. Mukatenga mawu athuwa n'kuwayika pambali pa aphunzitsi aja, mikangano ina imatha yokha.

Tiyambe ndi mindfulness ya kusukulu ndi kuchipatala. Inayamba mu 1979 pamene Jon Kabat-Zinn anatsegula kachipatala kothandiza anthu a nkhawa ndi ululu wosatha pa sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts ku America. Anatenga njira zimene anaphunzira kwa Abuda, n'kuchotsamo mawu a chipembedzo, n'kupanga maphunziro a masabata 8. Munthu amaphunzira kukhala phee, kumvetsera kupuma kwake, ndi kubweza maganizo akathawa. Kuno ku Britain, bungwe la NICE, limene limalangiza NHS za chithandizo, linavomereza mu 2004 njira ina yochokera pamenepa kwa anthu amene matenda ovutika maganizo amawabwerera mobwerezabwereza. Kumeneku n'kukhala tcheru. Sikukulonjeza kukuuzani kuti Mulungu ndi ndani.

Eckhart Tolle, wobadwira ku Germany mu 1948, akunena china. Iye amafotokoza kuti ali ndi zaka 29, usiku wina ku London, atathedwa nzeru ndi moyo, anaona mwadzidzidzi kuti mawu amene ankamuzunza m'mutu mwake si iyeyo, ndipo kuti pali wina mkati mwake amene amangowamva. Buku lake lotchedwa The Power of Now, limene linatuluka mu 1997, lamangidwa pa mfundo imeneyi. Kumeneku n'kugalamuka: kuona kuti wakhala ukukhulupirira phokoso la m'mutu ngati kuti ndi choonadi.

Ramana Maharshi wa ku India, amene aphunzitsi ambiri a lero amamutcha gogo wawo wauzimu, anapita patali kuposa apa. Mu 1896, ali ndi zaka 16 mumzinda wa Madurai, anagwidwa ndi mantha a imfa, anagona pansi ngati mtembo, n'kudzifunsa kuti chimene chimafa n'chiyani. Yankho limene anapeza linali lakuti iye weniweni si thupi kapena maganizo, koma kuzindikira kumodzi kopanda malire kumene kuli maziko a zonse. Pamenepa sitikukambanso za kuchepetsa nkhawa. Tikukamba za chimene munthu ali, ndi chimene Mulungu ali.

Choncho mtsikana akanena kuti mindfulness yamuthandiza kugona bwino, mchimwene wake n'kuyankha kuti mlongo wakeyo sanadzukebe, anthuwa sakutsutsana. Ali ngati awiri okangana za mtengo, wina akunena wa mango, wina akunena wa pamsika.

Mwadzidzidzi, kapena pang'onopang'ono?

Koma pali mkangano weniweni, ndipo ndi umene umasokoneza achinyamata athu kwambiri. Aphunzitsi ena amati kudzuka kumafuna khama la zaka. Pa maphunziro a Vipassana amene anafalitsa S. N. Goenka, amene ali ndi malo ku Herefordshire kuno ndiponso pafupi ndi Worcester ku South Africa, munthu amakhala masiku 10 osalankhula, wopanda foni, kudzuka 4 koloko m'mawa, n'kukhala pansi pafupifupi maola 10 patsiku. Ena amati khama lomwelo ndilo msampha. Jiddu Krishnamurti, amene mu 1929 anathetsa gulu lalikulu limene linakhazikitsidwa kuti limutsate, anatha moyo wake wonse akukana njira, miyambo ndi aphunzitsi, ngakhale iye mwini. Ndipo lero alipo ena amene amafika ponena kuti palibe choti uchite, chifukwa palibe munthu woti adzuke.

Mkanganowu si wa pa intaneti ayi, ndi wakale. Abuda a ku China a m'zaka za m'ma 700 anagawanika pa nkhani yomweyi, ena akutsata dzina la Huineng kuti kuunika kumadza kamodzi n'kamodzi, ena dzina la Shenxiu kuti mtima umayeretsedwa tsiku ndi tsiku. Patapita zaka mazana angapo, mmonke wa ku Korea dzina lake Chinul, amene anamwalira mu 1210, anaphunzitsa kuti zonse ziwiri n'zoona koma zili ndi ndondomeko yake: kuona kumadza mwadzidzidzi, koma zizolowezi zakale zimachoka pang'onopang'ono, ndipo ntchito yeniyeni imayamba munthu ataona.

Ife sitiyenera kudabwa, chifukwa mkangano womwewu tinakula nawo. Amene munayendapo m'mafelosipi kwathu mukukumbukira funso lija lakuti unabadwa mwatsopano liti. Wina ankatchula tsiku, mwezi ndi malo. Wina, amene anakulira mu Sande sukulu n'kudutsa m'kalasi, ankangoti kukamwa yasa, n'kubwerera kunyumba akukayikira chipulumutso chake. Chonsecho Malemba ali ndi malo a onse awiri. Saulo anagwa pansi panjira ya ku Damasiko tsiku limodzi (Machitidwe 9). Timoteyo analandira chikhulupiriro kudzera mwa agogo ake ndi amayi ake, ndipo anadziwa Malemba kuyambira ali wamng'ono (2 Timoteyo 1:5, 3:15). Pali ngakhale wakhungu wa ku Betsaida, amene Yesu anamukhudza kawiri. Atakhudzidwa koyamba ankaona ndithu, koma mwachimbuuzi, anthu osawasiyanitsa bwino ndi mitengo (Maliko 8:22-26). Kodi anali atachira kapena ayi? Anali pakati, ndipo Yesu sanamusiye pamenepo.

Chimene ndimaona n'chakuti amene anadzuka mwadzidzidzi sanathere pomwepo. Paulo anapita ku Arabiya, ndipo panapita zaka zitatu asanakaonane ndi Petro (Agalatiya 1:17-18). Patapita zaka zambiri, ali m'ndende, anauza Afilipi kuti sakudziyesa wofika, akuthamangabe (Afilipi 3:12-14). John Wesley anamva mtima wake ukutenthedwa pa 24 May 1738 mu msewu wa Aldersgate ku London, koma anali atakhala zaka zambiri akupemphera ndi kusala mwadongosolo, ndipo pambuyo pake anaika otsatira ake m'timagulu tokumana sabata iliyonse kuti azifunsana za moyo wawo. Kunja kwa mpingo n'chimodzimodzi. Ramana anakhala zaka zambiri m'mapanga a phiri la Arunachala. Tolle mwiniwake amati anatha pafupifupi zaka ziwiri akungokhala pa mabenchi a m'mapaki.

Inu amene mumalowa shifiti ya m'mawa m'nyengo yozizira mukuidziwa nkhaniyi bwino kuposa akatswiri. Alamu ikalira 5 koloko, maso amatseguka nthawi imodzi. Palibe kudzuka theka. Koma kuchoka m'bulangete, kusamba, kuvala, kukafika pokwerera basi kunja kuli mdima, zimenezo zimatenga nthawi ndi mphamvu. Amene angatsegule maso n'kunena kuti wadzuka, n'kukhalabe chigonere, shifiti imupita. Amene akuti kudzuka n'kwa mwadzidzidzi akunena za alamu. Amene akuti n'kwa pang'onopang'ono akunena za ulendo wa ku basi.

Nkhani ya khama imathanso chimodzimodzi. Khasu silibweretsa mvula. Koma mvula ikapeza munda wosalimidwa, madzi amangodutsa. Paulo anaika zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi pamene analimbikitsa Afilipi kulimbikira pa chipulumutso chawo, n'kupereka chifukwa chakuti Mulungu ndiye akugwira ntchito mwa iwo (Afilipi 2:12-13). Aphunzitsi amene amati palibe chochita akunena zoona pa mfundo imodzi, yakuti kuunika sikugulidwa ndi thukuta. Koma monga langizo kwa mnyamata wa zaka 19 amene sangathe kukhala mphindi ziwiri osagwira foni, mawuwo ndi opanda chifundo. Ndipo mukafufuza mbiri ya ambiri a iwo, mupeza kuti asananene kuti palibe chochita anali atafunafuna zaka zambiri.

Pamene singano siingasoke

Ndikanakonda kuti nkhani ithere apa, koma pali chibowo china chimene palibe ulusi ungachitseke, ndipo kuchibisa n'kunamiza ana athu. Funso lake ndi ili: akudzukayo ndi ndani, ndipo akadzuka amapeza chiyani?

Mwambo wa Chihindu wotchedwa Advaita, umene Ramana anaimamo, umati pansi penipeni pa munthu pali Iye yemweyo amene ali maziko a chilengedwe chonse. Kusiyana kwa ine ndi Mulungu ndi maloto. Chibuda chimati ukafufuza mkati supeza mwini wosasintha aliyense, koma zinthu zongobwera ndi kupita. Mbali ziwirizi zinatsutsana ku India kwa zaka mazana ambiri, ndipo Shankara, mphunzitsi wamkulu wa Advaita, analemba motsutsa Abuda mosabisa. Aphunzitsi a masiku ano ambiri amaziphika mumphika umodzi n'kunena kuti ndiwo zake n'zofanana. Mwina bata limene munthu amamva atakhala chete limafanana ndithu. Koma kunena kuti ndiwe zonse, ndi kunena kuti palibe iwe wokhalitsa, si mawu amodzi. Eni ake a miyamboyi sanavomerepo zimenezo, ndipo kuwalemekeza n'kuwalola kusiyana.

Tsono taonani mmene anthu amadzukira m'Baibulo. Samueli anadzutsidwa usiku ndi mawu omuitana dzina, mpaka Eli anazindikira kuti woitanayo ndi Yehova (1 Samueli 3). Yakobo anadzuka ku Beteli n'kupeza kuti Mulungu anali pamalopo nthawi yonseyi iye osadziwa (Genesis 28:16). Mariya wa ku Magadala ankayesa kuti akulankhula ndi wosamalira munda kufikira atatchulidwa dzina (Yohane 20:15-16). Awiri a ku Emau maso awo anatseguka pa kunyema mkate, ndipo chimene anaona si kuzama kwa mitima yawo, koma Mlendo amene anayenda nawo (Luka 24:30-31). Paliponse pali awiri: woitana ndi woitanidwa. Munthu sasungunuka. Amapezeka kuti akudziwika.

Achinyamata ena andisonyezapo Agalatiya 2:20, pamene Paulo akunena kuti amene akukhala ndi moyo mwa iye ndi Khristu, n'kundifunsa ngati izi sizofanana ndi zimene Ramana ananena. Funso labwino. Koma werengani vesilo mpaka kumapeto. Paulo akumaliza ndi kunena za Mwana wa Mulungu amene anamukonda n'kudzipereka chifukwa cha iye. Chikondi chimafuna awiri. Umunthu wakale wa Paulo unapachikidwa, koma Paulo wokondedwayo alipo.

Mwina wina angati izi n'zongokangana pa mawu. Ayi ndithu. Foni ikalira pakati pa usiku kuchokera kumudzi, n'kumva kuti amayi atisiya, ndipo mapepala sakukulolani kupita kumaliro, kusiyanaku kumaoneka poyera. Chiphunzitso chakuti mavuto ambiri amachokera pokhala m'zakale ndi m'zam'tsogolo chili ndi choonadi chake. Ambuye Yesu nayenso anatiletsa kudera nkhawa za mawa (Mateyu 6:34). Munthu amene usiku wonse akubwereza m'mutu mkangano wa dzulo ndi bwana wake angathandizidwe kwambiri pophunzira kuona maganizowo ngati maganizo chabe. Koma chisoni cha amayi si phokoso la m'mutu. Amayiwo anali munthu weniweni, wa dzina, ndipo amene akulirayo ndi mwana wawo weniweni. Yesu analira pamanda a Lazaro ngakhale ankadziwa chimene ati achite. Chikhulupiriro chathu chimakhala ndi miyendo iwiri kunja kwa lero: timakumbukira, n'chifukwa chake timadya Mgonero, ndipo timayembekezera, n'chifukwa chake timaimba pamaliro. Anthu okhala kutali ndi kwawo ngati ife, amene moyo wathu ndi kukumbukira ndi kudikira, sitingakhutire ndi uthenga wa lero lokha.

Kusiyana kwina kumachokera pomwepa. Ziphunzitso zambiri za kudzuka zimati vuto la munthu ndi tulo, kapena kusadziwa. Malemba amavomereza kuti tili m'tulo (Aroma 13:11, Aefeso 5:14), koma amawonjezera kuti tili ndi mlandu. Mwana wolowerera uja nzeru zinamubwerera ali pakati pa nkhumba. Kumeneko kunali kugalamuka kwenikweni. Koma nkhani sinathere m'khola. Ananyamuka, anayenda ulendo, anakavomera kulakwa kwake pamaso pa bambo ake (Luka 15:17-21). Amene ndamulakwira sathandizidwa ndi bata la mumtima mwanga. Akufuna ndipite ndikapepese, ndipo ngati ndi ngongole, ndikabweze.

Malire amenewa ndi opyapyala, ndipo ngakhale anthu odzipereka amawaponda. Anthony de Mello, wansembe wa ku India wa gulu la Jesuit amene anamwalira mu 1987, anathandiza Akhristu ambiri kuphunzira kupemphera mwakachetechete, ndipo uthenga wake waukulu unali womwewu wa kudzuka. Mu 1998 ofesi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso, imene inkatsogozedwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, inachenjeza kuti m'zolemba zake zina Mulungu wolankhula ndi anthu akuoneka ngati wasanduka chinthu chopanda nkhope, ndipo Yesu ngati mphunzitsi mmodzi pakati pa ambiri. Ena amati chiweruzocho chinali chouma. Kaya mugwirizana nacho kaya ayi, chikutisonyeza bwino pamene pagona nkhani.

Chitsime chimene tili nacho kale

Ndinene chimodzi chimene sichingakondweretse aliyense. Mapemphero athu ndi okoma, koma ndi odzaza. Kuyambira pemphero lotsegulira mpaka zolengeza, palibe mphindi imene pamakhala zii, ndipo pakangoti zii wina amayambitsa kolasi. Mwana amene mutu wake watopa ndi phokoso akamva mlendo wa pa YouTube akumuuza kuti akhale chete, amaganiza kuti wapeza chinthu chimene Chikhristu chilibe.

Chonsecho chilipo, ndipo n'chakale. Amonke a m'chipululu cha Igupto a m'zaka za m'ma 300, pa nthaka ya Africa, anali akatswiri a kuyang'anira maganizo. Mmodzi wa iwo, Evagrius, amene anamwalira mu 399, anafotokoza mitundu 8 ya maganizo amene amavutitsa munthu popemphera, n'kuphunzitsa kuwaona akamabwera asanakhazikike. M'zaka za m'ma 1600 mbale wina wa ku Paris wodziwika kuti Brother Lawrence anaphunzira kukhala pamaso pa Mulungu akutsuka miphika m'khitchini ya amonke, ntchito yosasiyana kwenikweni ndi imene ambiri a ife timagwira kuno. Mu 1975 mmonke John Main anayambitsa timagulu ta pemphero lachete ku Ealing ku London, atapeza njirayo m'zolemba za John Cassian. Onsewa ankakhala chete, ankayang'anira maganizo, ankabwerera ku mphindi imene ali nayo. Kusiyana kwake n'kwakuti ankakhala chete ngati mmene umakhalira chete mkulu akalowa m'nyumba: kuti umve chimene anene. Ku Getsemane Ambuye anapempha zinthu ziwiri pamodzi, kukhala maso ndi kupemphera (Maliko 14:38).

Tsopano kwa makolo. Mwana akabwera n'kunena kuti aphunzitsi awaphunzitsa kukhala phee mphindi zitatu n'kumvetsera kupuma kwawo mayeso asanayambe, ine sindiona chifukwa chochitira mantha, ndipo sindiona chifukwa choyembekezera zozizwitsa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa MYRIAD, amene anachitika m'sukulu za sekondale za ku Britain ndi ophunzira opitirira 8,000, anapeza mu 2022 kuti maphunzirowa sanaposa maphunziro a nthawi zonse pa thanzi la maganizo a ana. Mufunseni mwanayo akusonyezeni mmene amachitira, muchite naye, kenako mupemphere limodzi. Koma akayamba kunena kuti iye ndi Mulungu ndi amodzi, kapena kuti palibe chabwino ndi choipa, pamenepo khalani naye pansi, osati ndi ndodo koma ndi Baibulo ndi nthawi yokwanira, chifukwa wafika pa funso lenileni.

Kwa achinyamata amene mukuganiza zopita kokakhala chete masiku ambiri, dziwani kuti si masewera. Ofufuza a ku Brown University ku America, kuphatikizapo Willoughby Britton, anafalitsa mu 2017 zimene anapeza kwa anthu amene kusinkhasinkha kwa mtundu umenewu kunawabweretsera mantha, kusowa tulo, ndi kudzimva ngati iwo eni kapena dziko si zenizeni. Ngati munadutsapo m'zoopsa kapena mukumwa mankhwala a maganizo, lankhulani ndi dokotala wanu poyamba, ndipo wina wa mumpingo adziwe kumene muli. Komanso mphunzitsi aliyense amene akudzitcha wodzuka mumuyese ndi muyeso umene Ambuye anatipatsa, wa zipatso (Mateyu 7:16-20): amachita bwanji ndi ndalama, ndi akazi, ndi anthu omutsutsa? Muyeso womwewo tiziugwiritsanso ntchito kwa aneneri a m'mipingo yathu, amene ena a iwo salola n'komwe kufunsidwa.

Pa phunziro lathu la pakati pa sabata tidzawerenga 1 Samueli 3 yense. Tisanawerenge tidzakhala chete mphindi zisanu, ndipo ndikupempha otsogolera nyimbo kuti adzapirire, asadzayambitse kolasi. Achinyamata, bwerani ndi mabuku amene mukuwerenga aja. Muwaike patebulo, tidzawatsegule limodzi.